Nthiti za Silabu ndi Mabeseni a Alamu

Tandiyankhani inu owerenga, amene mumati mutu wanu umagwira. Ndi chiyani chili ndi nthiti zoposa za ng'ombe, zina zoloza uku zina zopingasa, kumimba kwake kuli maenje okhaokha ngati chisa cha njuchi, koma anthu amagona pamsana pake osaopa? Zakukanikani? Lekani kukanda mutu, mungathothole tsitsi lotsalalo. Ndi silabu, konkire uja amathira pamwamba pa chipinda kuti apansi apeze denga, apamwamba apeze popondapo. Koma si silabu wamba yosalala ngati tebulo ayi. Iyi ndi ya nthiti.

Amene ankaifuna silabu yotereyi anali Mayi Telala. Mayi ameneyu anakalambira m'kachipinda ka lendi kamene kanali ndi mzati pakatikati. Mzati umenewo ankaudziwa kuposa mmene ankawadziwira malemu amuna awo. Anali ataugunda ndi chiuno, ndi chigongono, ndi mphumi yomwe. Akati ayale nsalu ya diresi laukwati, nsaluyo inkachita kupinda n'kuzungulira mzati ngati ikuupatsa moni. Ndiye atapeza malo awoawo, anati mawu ndi amodzi basi: pansi pakhale chipinda chachikulu chosokeramo, pamwamba pakhale pogona, ndipo pakati pa chipindacho pasaime kanthu, ngakhale ndodo ya tsache.

Mwayi wake, mwana wawo wamkazi anali injiniya. Anamuphunzitsa sukulu ndi ndalama za singano mpaka maso anachita chidima. Mwanayo anajambula pulani, n'kuiyala pa tebulo lodulirapo nsalu.

"Amayi, chipinda chotambasuka chonchi, silabu yosalala iyenera kukhala yokhuthala kwambiri. Ikakhuthala imalemera, ikalemera imatopa ndi thupi lake lomwe, ndiye imafuna mzati pakati."

"Usautchule umenewo m'nyumba muno."

"N'chifukwa chake tichotsa konkire paliponse pamene amangodya osagwira ntchito. Titsala ndi nthiti."

"Nthiti zake ziti? Ukundimangira nyumba kapena mbuzi?"

Injiniya anatola kansanza pansi n'kukaonetsa kuwindo. "Onani ulusi. Wina ukutsika, wina ukupingasa. Mukakoka nsalu, onse amathandizana. Nthiti zathu ziyendanso mbali ziwiri, m'kati mwake muli zitsulo, ndipo katundu wa pamwamba zidzagawana n'kumupereka ku mizati ya m'mbali."

Izi Mayi Telala anazimva msanga, poti za ulusi sawauza munthu.

Kamangidwe kake nkosavuta kukamva. Amaimika mitengo yochirikiza, n'kuyala matabwa motalikirana potsata mizere ya nthiti. Kenako amavundikira zikombole za pulasitiki wolimba, zamakona anayi, chilichonse chitakhalira m'mphepete pa matabwa, kunsi kwake kuli mphepo yokha. M'ngalande zotsala pakati pa zikombolezo amagoneka zitsulo uku ndi uku, pamwamba n'kuyala ukonde wa waya, n'kuthira konkire. Akauma amagwetsa zikombole, patsala maenje ndi nthiti. Zikombole zimenezi n'zobwereka, ndipo n'zolimba moti munthu wonenepa amayendapo. Injiniya anaitanitsa zokwanira pulani yake ndendende. Pa pulanipo, malo ozungulira mutu wa mzati uliwonse anali opanda chikombole. Mayi Telala anaona koma sanafunse.

Zinthu zinkayenda bwino mpaka tsiku limene injiniya anaitanidwa ku ntchito ina kutali. Pochoka anauza kapitawo kuti ayale zonse monga mwa pulani, koma asathire konkire iye asanaone ndi maso ake. Kapitawoyo anali munthu wabwino, wa manja aluso, koma anali ndi nthenda imodzi: ankamvera aliyense amene wakweza mawu kuposa anzake.

Fumbi la galimoto lisanathe, anatulukira a Ndinaliko.

A Ndinaliko anali achimwene awo a malemu, ndiye kuti alamu a Mayi Telala. Dzinali anawapatsa ndi anthu. Ungotchula mlatho, iwo, "Ndinaliko." Bwalo la ndege, "Ndinaliko." Damu, chipatala, nsanja ya mafoni, konseko analiko. Chimene ankachita kumeneko palibe ankachidziwa. Ena amati ankatsegula geti, ena amati ankakupiza kansalu kofiira kuti magalimoto aime. Chipewa choyera cholimba sichinkachoka kumutu, ngakhale kometetsa ankachita kuwapempha. M'chiuno munali tepi yoyezera, kukhutu pensulo yosasongola chigulireni, kutsogolo mimba imene inkafika pamalo iwo asanafike.

"Mlamu," anatero akupukuta thukuta, "mukumanga nyumba ya mng'ono wanga osandiuza? Ine ndafa?"

"Ayi alamu, timaopa kukuvutitsani. Mwana wanu ndi amene akuyang'anira."

"Mwana! Amene ndinkamupukuta mamina dzulodzuloli? Sukulu n'njabwino, mlamu, koma simenti sawerenga mabuku. Bweretsani pulaniyo."

Mayi Telala anapereka pulaniyo. Munthu wamkulu, m'bale wa malemu, um'kaniza bwanji pamaso pa antchito? Anati mumtima, angoyang'ana n'kupita, pakamwa sipagwetsa nyumba. Anauza kapitawo kuti awalemekeze alamuwo. Apa mpamene anaponda pa moto.

A Ndinaliko anakwera makwerero akubuula, makwereronso akubuula. Atafika pamwamba anaima manja m'chiuno n'kuyang'ana mizere ya zikombole. Kenako analoza pa mitu ya mizati.

"Apa bwanji pali magweru ngati m'kamwa mwa nkhalamba?"

"Pulani ikutero, bwana," anayankha kapitawo. "Pamenepo akuti pakhale konkire yekhayekha."

"Waiwala mwanayo! Tulo tinamugwira akujambula. Denga lidzaoneka bwanji, apa maenje, apa posalala? Kubwalo la ndege tinkadzaza paliponse, mzere kuchokera uko mpaka uko, ngati asilikali. Dzazani!"

"Koma bwana..."

"Ndati dzazani!"

Mawu anakwera, kapitawo anatsika. Anyamata anayamba kutola zikombole zimene zinkayenera kupita pakati n'kumazipanikiza mozungulira mizati. Zitsulo zowirikiza zimene zinali pamenepo anazikankhira kumbali kuti zikombole zilowe. Ndiye inu mukudziwa, ukachotsa nsalu kumsana kuti uwonjezere manja, kumsana kumatsala pamtunda. Atafika pakati pa chipinda, zikombole zinatha.

"Mwaona?" anafuula a Ndinaliko kuti apansi amve. "Ngakhale kuwerenga sadziwa! Mlamu, fizi ija munangotaya m'madzi. Koma musalire, ine ndilipo."

Anapita kumsika. Pobwera anali ndi ngolo yodzaza mabeseni ochapira: ofiira, obiriwira, achikasu, lina la maluwa. Anawavundikira pakatipo mmodzimmodzi, akuimba kamluzu.

Mayi Telala anayang'ana kuchokera pansi, khosi lili chagada. Kudzera m'mipata ya matabwa ankaona mitundu ija ikuwala ngati pa sitolo ya ziwiya.

"Alamu, zinazo n'zamakona, izi n'zozungulira. Zigwirizana?"

"Mlamu, ine ndinabwerapo kudzakuuzani kasokedwe ka kolala?"

"Ayi."

"Ndiye inu sokani. Konkire ali ngati madzi, amalowa paliponse. Mawa m'mawa tithira. Mwana akamabwera apeze zatha, aphunzirepo kanthu."

"Iye anati tim'dikire."

"Nkhuku imadikira dzira kuti liiuze poikira?"

Madzulo amenewo singano inawabaya Mayi Telala kangapo, chinthu chimene sichinkachitika. Kuwatsutsa alamu kunali kovuta, poti mawa lake abale onse akanamva kuti mkazi wa malemu wayamba mwano. Koma chipinda chija anali atachilota zaka zonse za ukulu wawo. Anatenga foni. Sanafune kuneneza munthu, ndiye anangoyamba ngati nkhani yocheza.

"Mwanawe, kuno zikuyenda. Abambo ako aakulu akutithandiza. Ndipo mabeseni aja akongola, makamaka la maluwa."

Mwanayo anafunsa msanga.

"Mabeseni ati, amayi?"

Anafotokoza zonse, za magweru, za kumsika, za mawa m'mawa. Mwanayo anapuma mpweya wautali.

"Amayi, ndikunyamuka. Asathire ngakhale fosholo imodzi. Ngati n'kotheka khalani pa mulu wa mchengawo."

Kutacha, pamalopo panali ngati pamsika. Makina osakaniza konkire anali atayamba kale kulira, anyamata ali pamzere ndi mawilibala. Amayi osoka anzawo a Mayi Telala anabwera kudzaona chipinda chawo chatsopano, n'kuima m'kati mwake pakati pa mitengo yochirikiza. A Ndinaliko anali ataitana anthu oyandikana nawo kuti adzaone mmene amamangira anthu odziwa. Ukonde wa waya anali ataupindira kumbali pakatipo, kuti aliyense wokwera aone kaye mabeseni awo asanakwiriridwe.

Mayi Telala sanakhale pa mchenga, koma anachita zofanana nazo. Anaima patsinde pa makwerero n'kuyamba kufunsa kapitawo za ana ake, mmodzimmodzi, za chifuwa cha wamng'ono, za mayeso a wamkulu, za apongozi ake. Wilibala yoyamba inaima kumbuyo kwawo, konkire akutuluka thukuta.

"Mlamu, patukani!" anakuwa a Ndinaliko ali pamwamba.

"Ndikubwera alamu, ndikungomva za matenda."

Za matenda zisanathe, njinga yamoto inaima pageti. Injiniya anatsika, fumbi lili mpaka m'nsidze. Anapereka moni kwa amayi ake mwachidule n'kukwera. Mayi Telala anamanga nsalu yawo zolimba n'kumutsatira, ngakhale kuti chiyambireni anali asanakwerepo.

Mwanayo anayenda pa zikombole mpaka pa mutu wa mzati, anagwada, anasuzumira. Anapita pa wina, chimodzimodzi. Atafika pa mabeseni anangotseka maso.

"Mwadzuka bwanji, bambo aakulu?"

"Tadzuka kalekale ife, tikukonza zolakwa zako. Usathokoze, ndiwe mwana wathu."

"Zikomo. Koma zikombole zili pa mizatizi zichoke, zibwerere pakati. Mabeseniwa abwerere kochapira."

Anthu amene anakwera nawo anayang'anana. A Ndinaliko anaseka mokweza, mimba ikugwedezeka.

"Tamumvani! Iwe, pamene ine ndinkathira mlatho, amayi akowa anali asanakuganizire n'komwe."

"N'zoona, bambo. Koma katundu yense wa silabuyi, ndi makoma apamwamba, ndi mabedi, ndi amayi, amathera pa mitu ya mizatiyi. Nthiti zimam'tenga n'kukam'tula pamenepo. Pakakhala maenje, mzati udzaboola silabu ngati chala pa pepala lonyowa."

"Bodza! Konkire ndi konkire!"

Injiniya anatembenukira kwa amayi ake. "Mukathira chonchi, ine sindilola munthu kugona pamwamba pano, kapena kukhala pansi pake. Chotsala chidzakhala kuimika mizati ina m'chipindamo kuti ithandize kunyamula. Osati umodzi. Ingapo."

Ingapo! Mayi Telala anaona m'maganizo tebulo lawo lalitali litadulidwa zidutswa, iwo akuzemba mizati ngati mbuzi m'nkhalango.

"Mlamu," anatero a Ndinaliko, mawu atatsika, "sankhani. Mumvera ine, m'bale wa amuna anu, kapena kamwana aka? Mukandichititsa manyazi lero, pakhomo panu sindidzapondanso."

Panali amayi ena pansi amene ananong'ona kuti limenelo si tsoka, koma Mayi Telala sanaseke. Anayang'ana alamu awo, anayang'ana mwana wawo. Za nthiti anali atazimva, koma za mitu ya mizatizi zinali zisanakhazikike.

"Mwanawe, tandiuza m'chilankhulo changa."

"Amayi, batani la jekete lolemera mumalisoka bwanji?"

"Ndimaika kansalu kena kumbuyo, kolimba. Apo ayi batani limazuka ndi nsalu yomwe, n'kusiya chibowo."

"Mzati ndi batani. Konkire wodzaza uja ndi kansalu kakumbuyo. Abambo aakulu achotsa kansaluko pa mabatani onse."

Apa Mayi Telala anamvetsa. Jekete zotero anali atazikonzapo zambiri, zosokedwa ndi anthu othamangira kukongoletsa kunja. Anasendera m'mphepete n'kukuwa ndi mawu amene ngakhale iwo sankadziwa kuti ali nawo.

"A kapitawo! Zimitsani chimakinacho!"

Makina anatsokomola n'kukhala chete. Kapitawo anali atapeza mawu okwera kuposa onse.

A Ndinaliko anafiira maso. Za mizati anazisiya, n'kuthawira ku mabeseni.

"Chabwino, za mabatani zanuzo khalani nazo. Koma mabeseni angawa alakwa chiyani? Ndinasankha ndekha, ndinawagogoda limodzilimodzi!"

"Bambo, beseni silingapirire kulemera kwa konkire wamadzi. Liphwanyika, kapena lifwamphuka. Ndipo nthiti zake zituluka zokhotakhota, zitsulo zili pamtunda."

"Silingapirire? Ili? Anthu inu, bwerani pafupi muone!"

"Bambo aakulu, musapondepo, kunsiko kulibe thabwa!"

Koma munthu wodzitama khutu lake limakhala kumsana. Anasankha la maluwa lija, lalikulu kuposa onse. Anaikapo phazi limodzi, beseni linalira pang'ono. Anaikapo lachiwiri, n'kutambasula manja ngati mlaliki.

"Mwaona? Ndipo ngakhale nditadumpha..."

Anadumphadi.

Phwaa! Munthu uja anafupika mwadzidzidzi. Miyendo inapita pansi, mimba inakana kutsatira, inakakamira pakati pa matabwa awiri. Pamwamba panatsala chifuwa, manja ndi chipewa choyera chitatsikira pamphuno. Pansi, pakatikati pa chipinda chosokeramo, panalendewera miyendo iwiri ikupalasa njinga yosaoneka. Nsapato imodzi inagwa. Buluku linali litang'ambika kuchokera kumbuyo mpaka kubondo.

Poyamba anthu anagwira pakamwa. Injiniya anathamanga n'kugwada pambali pawo.

"Mwapweteka, bambo? Mukupuma bwino?"

"Ndikokeni, zitsiru inu! Mukuyang'ana chiyani?"

Atamva kuti pakamwa pakugwira ntchito monga mwa masiku onse, amayi apansi aja anamasuka.

"Mayi Telala!" anakuwa mmodzi. "Munkakana mzati pakati, onani akuikirani iwiri!"

"Koma yake yosafika pansi!"

"Ndipo ina ilibe nsapato. Sokosi nayonso ili ndi windo, chala chikusuzumira!"

"Tabweretsani tepi tiwayeze msendo, mwayi wotere subwera kawiri. Amuna ena amavuta kuima chilili."

Anyamata anagubuduza mgolo n'kuuika kunsi kuti a Ndinaliko apondepo. Anayesa kuwakoka m'khwapa, koma mimba inali italowa ngati chitsekerero cha botolo, m'mbali muli zitsulo za nthiti zomangidwa ndi waya. Kapitawo anakanda mutu n'kuyang'ana injiniya.

"Kuti atuluke, tichotse kaye mabeseni oyandikana nawo, timasule zitsulo, tisendeze thabwa," anatero mwanayo. "Ndiye poti tikuchotsa, tichotseretu onse. Ena yambani kuzula zikombole pa mizati muzibweretsa kuno. Zitsulo zowirikiza zija zibwerere pamalo pake."

Ntchito inayamba kuwazungulira a Ndinaliko ngati madzi azungulira chitsa. Mabeseni ankaponyedwa pansi limodzilimodzi, amayi aja akuwawakha n'kumagawana. Zikombole zinkadutsa pamutu pawo kupita pamalo ake, ndipo zinakwana ndendende, kungotsala malo amodzi amene munali munthu. Iwo sanasiye kulamula.

"Iwe, chimenecho wapotoza! Ku damu sitinkagwira choncho!"

"Pepani bwana, tapendeketsani mutu, chidutse," anatero mnyamata wina.

Mayi Telala anakhala pa thabwa pafupi ndi mwana wawo, akuyang'ana mitu ya mizati ikubwerera mwakale.

"Ndiye chipinda changa?"

"Konkire wa m'mawilibalayo watayika, amayi. Koma ndikayendera zonse lero, mawa tithira. Tebulo lanu mudzaliika pamene mukufuna."

"Pakati?"

"Pakatikati."

Pomaliza anasendeza thabwa, anyamata anagwira uku ndi uku, n'kuwazula a Ndinaliko ngati chinangwa. Anatuluka, koma sanatuluke okha. Mkombero wa beseni unali utawagwira m'chiuno, zidutswa za maluwa zikulendewera mozungulira mpaka m'ntchafu. Anayesa kuukankhira pansi, unakana. Anayesa kuukweza, mimba inati ayi. Anatsika makwerero choncho, pang'onopang'ono, pulasitiki ikugogoda pa sitepe iliyonse, anthu onse ali m'munsi kudikira.

Atafika pansi anakonza chipewa, n'kutsokomola.

"Ndimayesa dala," anatero. "Anthu odziwa timayamba tayesa. Ndapeza kuti mabeseni a masiku ano ndi achinyengo."

Aliyense anali ataluma mlomo kuti asaseke. Mayi Telala anatulutsa sizasi yawo yaikulu m'thumba la epuloni. Anawazungulira alamu awo modekha, mutu uli chopendekera, monga amachitira ndi kasitomala woyesa chovala. Anagwira apa, anakoka apo.

"Alamu, musasunthe, ndingakubayeni. Mtundu wakukhalani, ndipo maluwawa akukuchepetsani zaka. Koma siketiyi m'chiuno yathina. Ndiikulitse pang'ono, kapena muivala choncho popita kunyumba?"

Kapitawo ndi amene anayamba kuseka, anachita kukhala pansi pa mchenga atagwira nthiti. Amayi osoka anagwerana, wina akumenya beseni ngati ng'oma. Anyamata pamwamba anasiya zikombole n'kugona chagada pa matabwa. Ngakhale injiniya anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. A Ndinaliko anaima pakati pawo manja ali m'mwamba kuti sizasi idutse, phazi limodzi lili m'sokosi yobooka, akufunsa ngati pali amene waona nsapato yawo.